Tebulo lanu silinalodzedwe, lekani kulikankha ndi Enter

Nyengo yopereka ma dissertation ikafika, pa kampasi pamamveka dandaulo limodzimodzi chaka ndi chaka: Word yapenga. Tebulo lakwera mpaka kuphimba header, nambala ya tsamba yabisika, mitu ya makolamu yasowa pa tsamba lachiwiri, ndipo pakati pa chaputala pabadwa tsamba loyera lomwe palibe analiitana. Ena amati fayilo yagwidwa ndi vayirasi. Ena amati laputopu yakalamba. Ena amangonyamula fulashi ulendo wa kwa anyamata opulinta, ngati munthu wopita kwa sing'anga.

Ine ndikukana zonsezi. Word siipenga. Imachita ndendende zomwe yauzidwa, ndipo tsoka lake n'lakuti wophunzira amaiuza zinthu zambiri asakudziwa kuti akuiuza. Chomwe chimandikwiyitsa kwambiri n'chakuti luso limeneli palibe amene amaliphunzitsa mozama, koma alipo ambiri amene amadula nalo malikisi. Choncho mlandu wanga uli pawiri. Mbali ina ndikuimba mlandu chizolowezi chathu ophunzira chokonza tsamba ndi maso okha. Mbali ina, yomwe ndi yaikulu, ndikuimba mlandu madipatimenti amene amafuna ntchito yooneka bwino koma osaonetsa njira yake.

Wina anganene kuti matebulo ndi nkhani ya anzathu a sayansi ndi a zachuma, ife a humanities timangolemba ndime. Amene amanena zimenezi sanaonepo kumapeto kwa ntchito ya wophunzira zinenero. Tengani mndandanda wa Swadesh wa mawu 100, muuike m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi Chilomwe: limenelo ndi tebulo la masamba angapo. Wa history amene akundandalika zochitika kuyambira 1891, pomwe Britain inalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, mpaka ufulu wa 1964, ali ndi tebulo lalitali. Wa literature amene wasonkhanitsa miyambi, matanthauzo ake ndi komwe anaimva, naye ali nalo. Matebulo athu ndi ovuta kuposa a manambala, chifukwa kabokosi kamodzi kamatha kukhala ndi ndime yathunthu, ndipo mizere yotereyi ndi yomwe imasokoneza tsamba kwambiri.

Ma header ndi awiri, osati imodzi

Chisokonezo chimayambira pa dzina. Pali header ya tsamba, kamalo kapamwamba kaja komwe kumakhala nambala ya tsamba kapena mutu wa chaputala. Ndiye pali mzere woyamba wa tebulo, womwe umanyamula mitu ya makolamu: Nambala, Mwambi, Tanthauzo, Boma. Word imatchula zonsezi ndi liwu loti header, koma ndi zinthu ziwiri zosiyana zomwe zimakhala m'malo osiyana. Header ya tsamba ndi ya chigawo chonse cha fayilo. Mzere wa mitu ndi wa tebulo lokha.

Munthu akasakaniza ziwirizi amachita chinthu chomwe ndimachiona kawirikawiri: amatenga mitu ya makolamu n'kukaiika mu header ya tsamba kuti izioneka pa tsamba lililonse. Imaonekadi. Koma imaonekanso pamwamba pa mawu oyamba, pa chaputala chachiwiri, ndi pa tsamba lothokoza makolo. Komanso header ija imatalika, ndipo header ikatalika kuposa mpata wa pamwamba, Word imakankhira mawu onse pansi pa tsamba lililonse. Masamba amachuluka, mndandanda wa zamkati umanama, ndipo ndalama yopulintira imakwera.

Enter si chida chokonzera tsamba

Chizolowezi choyamba chomwe ndikufuna chife ndi chomenya Enter kakhumi kuti tebulo litsikire pa tsamba lotsatira. Chachiwiri ndi cholemba mitu ya makolamu pamanja pamwamba pa tsamba lililonse, mzere watsopano nthawi iliyonse tebulo likadutsa tsamba. Zonsezi zimaoneka bwino kwa ola limodzi. Kenako supervisor akuti onjezani chiganizo pa tsamba 12. Chilichonse chimatsika ndi mizere iwiri. Mpata uja munapanga ndi Enter tsopano uli pakati pa tsamba, ndipo mitu ija munalemba pamanja yakhala pakati pa tebulo, pakati pa mwambi wa 34 ndi wa 35. Mumayambiranso. Akatinso chotsani ndime ina, mumayambiranso kachitatu.

Kumeneku si kulimbikira, ndi kutunga madzi ndi dengu. Fayilo ya Word si chithunzi, ndi madzi oyenda: mawu amasuntha nthawi iliyonse mukasintha kanthu. Chilichonse chomwe mwachikhomera pamalo ndi maso chidzasiya malo ake. Chomwe chimakhala ndi lamulo lomwe mwapatsa tebulo kapena ndime. Ngati simukundikhulupirira, dinani kachizindikiro ka ¶ pa Home, kapena Ctrl+Shift+8, muone zonse zobisika m'fayilo yanu: ma Enter opanda kanthu, ma page break, ma section break. Ambiri amakazimitsa msanga chifukwa amati kakudetsa tsamba. Sikapulintidwa, ndipo popanda iko mukukonza nyumba mumdima.

Lamulo lake ndi limodzi. Ikani cholozera mu mzere woyamba wa tebulo, pitani pa Layout ya tebulo, dinani Repeat Header Rows. Njira ina ndi Table Properties, pa Row, n'kuchonga Repeat as header row at the top of each page. Basi. Kuyambira pamenepo tebulo lidutse masamba awiri kapena makumi awiri, mitu idzabwera yokha pamwamba pa tsamba lililonse, ndipo mukasintha liwu mu mzere woyamba lidzasintha ponseponse.

Ndikudziwa yankho lake: ndinayesa, sizinatheke. Zikakanika pamakhala chifukwa, ndipo zifukwa zake n'zowerengeka.

Choyamba, ndipo ndi chomwe chimagwira anthu ambiri, tebulo lasanduka loyandama. Pa ngodya ya kumanzere pamwamba pa tebulo pali kabokosi ka mivi inayi. Mukakagwira n'kukoka tebulo ngakhale pang'ono pokha, Word imasintha Text wrapping kuchoka pa None kupita pa Around, osakufunsani. Tebulo limasiya kukhala mu mzere wa mawu ndipo limayamba kukhala ngati chithunzi chomata. Tebulo lotere nthawi zambiri limakana kubwereza mitu, ndipo popeza malo ake tsopano akuyezedwa kuchokera ku tsamba kapena ku margin, limatha kukwera n'kukagona pamwamba pa header ndi nambala ya tsamba. Mankhwala ake: Table Properties, pa Table, bwezani Text wrapping pa None. Ngati mungakumbuke chinthu chimodzi chokha pa zonse ndalembazi, chikhale chimenechi.

Chachiwiri, mwadula tebulo nokha. Mukadina Ctrl+Enter muli mkati mwa tebulo, Word imaligawa kukhala matebulo awiri. M'maso mwanu likuoneka limodzi, koma lachiwirilo lilibe mzere wa mitu, ndiye palibe chobwereza. Ngati mukufunadi kuti mzere wina uyambe pa tsamba latsopano, ikani cholozera mu mzerewo, pitani pa Paragraph, pa Line and Page Breaks, chongani Page break before. Tebulo limakhalabe limodzi ndipo mitu imabwera.

Chachitatu, mwasankha molakwika. Mzere wobwereza uyenera kuyambira pa mzere woyamba weniweni wa tebulo. Ngati mitu yanu ili m'mizere iwiri, sankhani yonse iwiri pamodzi. Ndipo musasankhe tebulo lonse n'kuchonga bokosi lija, chifukwa mukatero mwauza Word kuti mzere uliwonse ndi mutu, ndiye ibwereza chiyani?

Chachinayi, tebulo lili mkati mwa chinthu china: mu text box, kapena mu kabokosi ka tebulo lina. Zimenezi zimachitika kwambiri mukakopera kuchokera pa intaneti. Tebulo la mu text box silidutsa n'komwe kupita tsamba lina, limangomira pansi.

Chachisanu n'choseketsa koma chimachitika: zonse zili bwino, koma mukuyang'ana fayilo mu Draft kapena Web Layout. Mitu yobwereza imaoneka mu Print Layout ndi pa pepala.

Ngati tebulo lili pa None koma likukhudzanabe ndi header, yang'anani header yeniyeniyo. Dinani kawiri pamwamba pa tsamba muone ngati mulibe ma Enter owonjezera kapena chithunzi choyandama. Kenako yang'anani margin ya pamwamba. Nthawi zonse Word imasuntha mawu kuti ipereke malo kwa header yaitali, koma margin ikalembedwa ndi chizindikiro chochotsera, monga -2.54, Word imaumirira pa muyezo womwewo ndipo header imalowa m'mawu. Zoterezi zimabwera ndi mafayilo obwerekana, aja timatenga kwa amene anamaliza chaka chatha n'kufufuta mawu ake.

Masamba oyera ndi mipata yosadziwika

Pali dandaulo lina: theka la tsamba latsala loyera, tebulo lathawira tsamba lotsatira. Apanso palibe matsenga. Pa Table Properties, pa Row, pali bokosi la Allow row to break across pages. Likakhala losachonga, mzere sungaduke pakati, ndiye ngati sukukwana pa malo otsala umasamuka wonse. Pa mizere yaifupi zimenezi n'zabwino, chifukwa palibe amene amafuna liwu la Chiyao likhale tsamba lino tanthauzo lake tsamba linalo. Koma pa mzere womwe uli ndi mawu a munthu amene munacheza naye kwa mphindi khumi, muyenera kulola kuti uduke. Mzere wautali kuposa tsamba ukaletsedwa kuduka, mawu a kumapeto amangosowa pansi pa tsamba, ndipo mudzapereka ntchito yomwe umboni wake wina sukuoneka.

Chinanso ndi Keep with next, pa Paragraph pomwe paja. Lamuloli limauza ndime kuti isasiyane ndi yotsatira. Ndi lothandiza pa mutu wa tebulo, uja woti Tebulo 3, kuti usatsale wokha pansi pa tsamba tebulo lili kwina. Koma likakhala pa mizere yonse, tebulo lonse limayesa kukhala pa tsamba limodzi ndipo limalumpha n'kusiya dzenje. Yang'ananinso kutalika kwa mzere: kukakhala pa Exactly, mawu osakwana amadulidwa, kukakhala pa At least, mzere umakula wokha.

Tsamba loyera lija la kumapeto nalo lili ndi chifukwa. Word imafuna ndime imodzi pambuyo pa tebulo lililonse, ndipo simungaifufute. Tebulo likathera pansi penipeni pa tsamba, kandime kopanda kanthuko kamapita pa tsamba latsopano. Kachepetseni kafike pa saizi 1, chotsani mipata ya pamwamba ndi pansi pake, tsamba lija lichoka. Kupanda kudziwa zimenezi mumalipira pepala lomwe lili ndi nambala yokha.

Tebulo lotambalala ndi nambala zobwerera pa 1

Tebulo la makolamu asanu ndi awiri silikwana pa tsamba loima, ndiye mumafuna tsamba logona. Apa ndi pomwe ma header amafera ambiri. Kuti masamba ochepa okha agone, pafunika section break ya Next Page tebulo lisanayambe ndi ina likatha. Mwapanga zigawo zitatu. Chigawo chatsopano chilichonse chimabadwa header yake ili yomangirizidwa ku ya chigawo cha m'mbuyo, kudzera pa Link to Previous. Mukasintha header ya tsamba logona musanamasule chingwecho, mwasintha header ya fayilo yonse. Ndipo muyenera kumasula kawiri: pa chigawo chogonacho, ndi pa chigawo chotsatira, apo ayi zomwe mwakonzera tsamba logona zidzatsikira m'machaputala otsala.

Nambala ya tsamba imene inali kumanja imaoneka ngati yabwerera cha pakati, chifukwa ma tab a mu header anayezedwa pa tsamba loima ndipo sadziwa kuti pepala latambalala. Musaikankhe ndi space. Gwiritsani ntchito Insert Alignment Tab, kapena ingoikani ndimeyo kumanja.

Ndiye pali msampha womwe umagwira pafupifupi aliyense wolemba dissertation. Masamba oyambirira amakhala ndi manambala a Chiroma, ndipo chaputala choyamba munachiuza kuti chiyambe pa 1. Mukadula chigawo chimenecho ndi section break, zigawo zatsopano zimatengera lamulo lomwelo loyambira pa 1. N'chifukwa chake tsamba la tebulo limakhala 1, ndipo lotsatira tebulo limakhalanso 1. Pitani pa Format Page Numbers m'chigawo chilichonse chatsopano, sankhani Continue from previous section. Ntchito ya mphindi imodzi, koma anthu amagona nayo maso.

Chomaliza pa zaumisiri ndi pepala lenilenilo. Makompyuta ambiri amabwera Word yake ili pa Letter, pepala la ku America, lomwe ndi mamilimita 216 m'lifupi ndi 279 m'litali. Kuno timapulinta pa A4, mamilimita 210 ndi 297. Kusiyana kwa mamilimita pafupifupi 18 m'litali n'kokwanira kusuntha malo onse omwe tebulo limadukira. Ikani A4 tsiku lomwe mukuyamba kulemba, osati tsiku lopulinta. Ndipo popita kopulintitsa tengani PDF, yomwe mwaiwerenga tsamba ndi tsamba. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta ina yopanda mtundu wa zilembo womwe munagwiritsa ntchito, imasintha maonekedwe musanatulutse n'komwe ndalama m'thumba.

Amene amati chofunika ndi mfundo

Tsopano ndiyankhe anzanga amene amanyoza zonsezi. Amati ife ndife anthu a maganizo, osati alembi a mu ofesi. Chofunika ndi mfundo, osati maonekedwe. Ndikanagwirizana nawo zikanakhala kuti tikukamba za mtundu wa inki. Koma mitu ya makolamu si zokongoletsa. Wowerenga akafika pa tsamba lachinayi la tebulo n'kupeza makolamu anayi a mawu opanda mitu, adziwa bwanji kuti Chilomwe ndi chiti, Chiyao ndi chiti? Abwerera m'mbuyo kamodzi, kawiri, kachitatu angodumpha. Umboni womwe munautolera miyezi itatu, mukuyenda pa kabaza dzuwa lili pamutu, sunawerengedwe. Mfundo yomwe siwerengeka ndi mfundo yomwe sinafike.

Ngakhale kalembedwe ka APA, komwe madipatimenti ambiri amatiuza kutsatira, kamanena zomwezi m'buku lake lachisanu ndi chiwiri la 2019 ndi malangizo otsagana nalo: tebulo likapitirira tsamba limodzi, mzere wa mitu ubwerezedwe pogwiritsa ntchito chida cha matebulo cha pulogalamu yolembera. Ndiye si nkhani ya kukonda zokongola. Ndi gawo la kalembedwe ka ukadaulo, mofanana ndi kutchula komwe mwatenga mawu.

Pali ena ochenjera amene amati njira yachidule ndi kujambula tebulo pa Excel n'kulimata ngati chithunzi. Silisuntha, zoona. Koma silisakika ndi Ctrl+F, supervisor sangakonze liwu limodzi mkati mwake, ndipo likapulintidwa limatuluka losawerengeka bwino. Choposa apo, ganizirani mnzanu wosaona amene amawerenga ndi pulogalamu yolankhula monga NVDA kapena JAWS. Kwa iye chithunzi cha tebulo ndi khoma. Tebulo lenileni lokhala ndi mzere wa mitu wodziwika bwino limathandiza pulogalamuyo kumuuza kuti kabokosi aka kali pansi pa mutu uti. Ife a humanities timalemba masamba ambirimbiri za anthu osalidwa ndi osiyidwa m'mbuyo, kenako n'kupereka fayilo yomwe mnzathu wa m'kalasi momwemo sangaiwerenge. Pamenepo mfundo zathu zija zili kuti?

Amene amati anyamata opulinta akonza

Sindikunyoza anthu a m'malo opulintira. Ambiri mwa iwo amadziwa Word kuposa amene amatichonga. Koma ganizirani momwe amagwirira ntchito sabata yomaliza: mzere wafika panja, magetsi atha kuzima nthawi iliyonse, aliyense akufuna zake lero. Iye ntchito yake ndi yoti pepala lituluke likuoneka bwino pa ola limenelo, ndiye adzagwiritsa ntchito njira yachangu, yomwe nthawi zambiri ndi Enter yemweyo. Sanawerenge ntchito yanu, sadziwa kuti mzere uwu sungasiyane ndi uwo. Mukabwera ndi zokonza za external examiner, fayilo ija yaphwasukanso ndipo mulipiranso.

Ndipo ndalamayo ikuchokera kuti? Ku loni, kapena kwa mayi amene anagulitsa thumba la chimanga kapena la mtedza. Tsamba lililonse loyera, kope lililonse lopulintidwa kawiri chifukwa nambala zinabwerera pa 1, ndi ndiwo za tsiku limenelo. Amene ali ndi laputopu yake ndi mchimwene wogwira mu ofesi sadandaula. Amene amalipira ndi uja anayamba kugwira kompyuta atafika ku yunivesite. Umbuli womwe sunaphunzitsidwe kuchotsedwa umasanduka msonkho, ndipo msonkho wake umagwera osauka.

Mlandu waukulu uli ku dipatimenti

Apa ndi pomwe ndikufuna kulankhula mosabisa. Timapatsidwa kapepala ka malamulo: zilembo za Times New Roman saizi 12, mpata wa mizere wakuti, margin yakumanzere yakuti, manambala a Chiroma kutsogolo, matebulo akhale ndi mitu. Kapepalako kamanena zomwe akufuna, sikanena momwe zimachitikira. Maphunziro a kompyuta a chaka choyamba, komwe alipo, nthawi zambiri amathera pa kudetsa zilembo, kusunga fayilo ndi kuloweza mayina a ziwalo za kompyuta. Zaka zitatu zikadutsa, munthu yemweyo akufunsidwa buku la masamba makumi asanu ndi limodzi lokhala ndi zigawo, matebulo ndi mndandanda wa zamkati. Akalephera, ntchito imabwezedwa ndi cholembera chofiira: konzani format. Osanena kuti pati, osanena kuti motani.

Kuchonga chinthu chomwe simunaphunzitse si kukweza muyezo wa maphunziro. Ndi kuyesa kuti ndani anabadwira m'nyumba ya kompyuta. Ndipo ndikukayika ngati onse olemba konzani format angathe kukhala pansi n'kuonetsa pomwe pali Link to Previous. Ndanenapo kale kuti mafayilo ena omwe timalandira kuchokera ku maofesi, ma course outline ndi ma timetable, nawonso amakhala ndi matebulo oyandama ndi mitu yolembedwa pamanja. Matendawa si a ophunzira okha.

Zomwe ndikupempha si zodula. Choyamba, dipatimenti iliyonse ikhale ndi fayilo imodzi yokonzeratu, ya A4, zigawo zake zili m'malo, manambala a Chiroma ndi enawo atayikidwa kale, muli chitsanzo cha tebulo lalitali ndi cha tsamba logona. Munthu mmodzi wodziwa angaikonze masana amodzi, ndipo ingatumikire ophunzira kwa zaka. Chachiwiri, mu kosi ya research methods mukhale maola awiri okha mu labu, aliyense ali pa kompyuta, akuphwanya tebulo dala n'kulikonza. Chachitatu, wochonga akalemba kuti konzani, atchule vuto lake ndi dzina.

Wina adzati ophunzira ambiri alibe malaputopu, amalembera pa foni kapena pa kompyuta yobwereka, ndiye phunziroli lithandiza chiyani? Ine ndikuti limenelo ndiye chifukwa chake chenicheni. Munthu amene ali ndi maola awiri okha pa laputopu ya mnzake sangakwanitse kutaya ola limodzi akulimbana ndi tebulo. Ndipo nzeruyi si ya Word yokha. Mu LibreOffice Writer, yomwe ndi yaulere, pa Table Properties pali Text Flow, pomwe mupeza Repeat heading ndi mabokosi olola tebulo kapena mzere kuduka. Mu Google Docs muli Pin header row. Mayina amasiyana, ganizo ndi limodzi: uzani pulogalamu kuti mzere uwu ndi mutu, musaujambule kuti uzingooneka ngati mutu. Amene wamvetsa ganizoli sasowa pogwira pa pulogalamu iliyonse.

Koma anzanga, pomwe tikudikira madipatimenti, tisadzinamize kuti ife tilibe mbali. Timatha kuphunzira tokha kusintha mavidiyo a TikTok, kupeza bandulo yotchipa, kutsegula foni yomwe yatsekeka. Timaloweza maganizo a Foucault ndi a Ngũgĩ wa Thiong'o usiku umodzi mayeso ali mawa. Bokosi limodzi la Table Properties silingatigonjetse. Chomwe chimatilepheretsa ndi kunyada kuja koti zimenezi ndi za ma secretary, ndi manyazi ofunsa. Safunsa anadya phula. Ndipo tikamaliza pano, ntchito zomwe ambiri tikupita kukafuna, m'mabungwe, m'masukulu, m'maofesi a boma, ndi za malipoti odzaza matebulo. Bwana sadzafunsa kuti munapeza distinction mu chiyani lipoti likatuluka mitu ili pakati pa tsamba.

Ndiye tebulo likakuvutani sabata ino, musayambe ndi Enter. Yatsani ¶ muone zobisika. Onani ngati pepala lili pa A4. Bwezani Text wrapping pa None. Fufuzani ngati tebulo silinaduke pawiri. Sankhani mzere woyamba wokha n'kuuuza kuti uzibwereza. Onani Allow row to break across pages ndi Keep with next. Mukatero lowani mu header, chigawo ndi chigawo, muone chingwe cha Link to Previous ndi momwe manambala akuyendera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukatha, muonetseni wa chipinda chimodzi nanu, ndipo pa msonkhano wotsatira wa ophunzira ndi dipatimenti, class rep wanu akafunse kuti fayilo yokonzeratu ija ituluka liti.